Akatswiri a m'mabwalo a sukulu za ku Rumphi

Mukafunsa munthu wa ku Mulanje kapena ku Dedza kuti boma la Rumphi limatchuka ndi chiyani, adzakuuzani za mapiri a Nyika, za fodya wa ku Bolero ndi ku Mhuju, mwinanso za malasha a ku Mchenga, koma asanatseke pakamwa adzatchula sukulu. Kwa zaka zoposa 100 boma limeneli lakhala likutulutsa aphunzitsi, makalaliki, abusa ndi madokotala omwe adamwazikana m'dziko lonse lino mpaka kunja. Mbiri imeneyo ndi yoona ndipo idalembedwa m'mabuku. Koma ilipo mbiri ina yomwe idamera pa sukulu zomwezo, kuseri kwa makalasi, pabwalo lafumbi pomwe ana amathamangira belu loweruka likangolira. Iyi ndiye sidasamalidwe mokwanira, chonsecho lero dzina la Rumphi lamveka ku Lyon, ku Kansas City ndi ku Johannesburg chifukwa cha ana osewera mpira.

Nkhaniyi iyambire mu 1894, chaka chomwe Dr Robert Laws adasankha phiri la Khondowe kuti likhale likulu la mishoni ya Livingstonia. Mishoniyi idayambira ku Cape Maclear mu 1875, malungo adaisamutsira ku Bandawe mu 1881, ndipo kumenekonso maliro sadathe. Pa Khondowe, malo ozizira oyang'ana nyanja kunsi, pafupi ndi mathithi a Manchewe, Laws adamanga Overtoun Institution, sukulu yophunzitsa uphunzitsi, ubusa, zachipatala, ukalipentala, kumanga nyumba ndi kusindikiza mabuku. Anyamata ankayenda pansi masiku angapo kuchokera ku Karonga, ku Mzimba ndi kwa Atonga a m'mbali mwa nyanja kudzafuna maphunziro. Mwa iwo mudatuluka Clements Kadalie, yemwe adayambitsa bungwe lalikulu la anthu apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919. Levi Mumba, pulezidenti woyamba wa Nyasaland African Congress mu 1944. Mbusa Charles Chinula. Ndi David Kaunda, bambo wake wa Kenneth Kaunda. Awa ndiwo adali akatswiri a nthawi imeneyo, ndipo ukatswiri wawo udali wa cholembera ndi guwa. Mpira wa miyendo, womwe udalowa m'dziko muno ndi amishoni, asilikali ndi akuluakulu a boma la atsamunda, unkatengedwa ngati cholimbitsa thupi chabe, kuti mwana akabwerera m'kalasi mutu ukhale utapepuka. Maganizo amenewa adazika mizu kwambiri ku Rumphi, ndipo tidzakumana nawonso m'nkhani ya ana a Chawinga.

Kudakali zaka zitatu kuti Laws akhazikike pa Khondowe, mu Disembala 1891, mphunzitsi wina ku Springfield m'chigawo cha Massachusetts ku America adali ndi vuto la anyamata osowa chochita m'nyengo yachisanu. Dzina lake adali James Naismith, mbadwa ya ku Canada yochokera m'banja la Chisikotishi, wophunzira zaubusa mumpingo wa Presbyterian ngati Laws yemwe. Adakhomera madengu awiri otolera zipatso m'mwamba mwa holo, nalemba malamulo 13, napatsa anyamatawo mpira wa miyendo kuti aziponyera m'madengumo. Basiketibolo idabadwa motero, ngati masewera a pasukulu, ndipo pofika 1936 idali italowa kale m'mpikisano wa Olympics ku Berlin.

Kwathu kuno masewerawa adafika polambalala. Atawolokera ku England m'zaka za m'ma 1890, aphunzitsi a atsikana adawasintha: osathamanga ndi mpira, osaugunditsa pansi, aliyense akhale m'dera lake. Ndiyo ntchemberembaye imeneyi, yomwe sukulu za Angelezi zidafalitsa m'maiko onse omwe ankalamulira. Mpaka lero mkombero wa ntchemberembaye ndi wa basiketibolo uli pamsinkhu umodzi, mamita 3.05 kuchokera pansi. Kusiyana kwake kuli pa zofunika kuti masewera ayambe. Ntchemberembaye imangofuna malo osalala, mitengo iwiri ya bulugamu, zitsulo ziwiri zopindidwa ndi wowotcherera, ndi phulusa lolembera mizere. Basiketibolo imafuna simenti yotalika mamita 28 ndi mamita 15 m'lifupi, matabwa awiri olimba kuseri kwa mikombero, nsapato, ndi mpira womwe ukamagunda pansi pokhakhala suchedwa kuperepeseka. N'chifukwa chake ntchemberembaye idafika ngakhale pa sukulu za pulayimale za m'mapiri a Phoka, pomwe basiketibolo idatsalira m'matauni, m'makoleji ndi m'sukulu za sekondale zogonera komweko. Mwana wamtali wa kumudzi tsogolo lake limadziwika kale: akakhala mtsikana amuimika pansi pa mkombero kuti azimwetsa zigoli, akakhala mnyamata amuika pagolo.

Zipatso za ntchemberembaye tonse tidaziona. Timu ya Queens idafika pa nambala 5 pa dziko lonse mu 2007, ndipo mu 2018 idagonjetsa New Zealand 57 kwa 53 pa masewera a Commonwealth. Mwawi Kumwenda, mwana wa ku Mzimba, boma loyandikana ndi Rumphi, adakaseweretsa luso lake ku New Zealand ndi ku Australia. Sindikayika kuti manja omwewo, akadapeza simenti ndi mphunzitsi, akadatchukanso pa basiketibolo.

Ku America, komwe masewerawa adabadwira, sukulu zambiri za sekondale zimasunga mbiri ya osewera awo. Pakhoma la holo amapachika mayina ndi zaka, yunifolomu ya katswiri amaiika m'galasi, ndipo nambala yake sapatsanso wina. N'chifukwa chake dziko lonse limadziwa kuti Michael Jordan, ali ku Laney High School mumzinda wa Wilmington, adakanidwa malo m'timu yaikulu mu 1978 n'kutsitsidwira kwa achichepere, komanso kuti LeBron James adatchukira pa sukulu ya St. Vincent-St. Mary ku Akron asanalowe mu NBA. Ena anganene kuti uku n'kudzitama kwa anthu olemera. Ine ndimaona kuti ndi nzeru yotsika mtengo kwambiri. Mwana wa Fomu 1 akawerenga dzina pakhoma amadziwa kuti njirayo idapitidwapo ndi munthu yemwe ankakhala pa desiki ngati lakelo. Kwathu zikho zimakhala pa shelefu muofesi ya ahedi, koma mayina a omwe adazibweretsa amatsala m'mitu ya anzawo a m'kalasi, ndipo amakalamba nawo limodzi.

Akatswiri a basiketibolo a mu Africa ambiri adapezeka mochedwa, ndiponso pa masewera ena. Hakeem Olajuwon ankagwira pagolo ku Lagos, ndipo mpira wa basiketibolo adayamba kuusewera ali ndi zaka pafupifupi 15. Joel Embiid wa ku Cameroon ankasewera volebo mpaka msinkhu womwewo. Chidawasintha ndi munthu mmodzi wa maso akuthwa yemwe adaima pambali pa bwalo tsiku loyenera. Ana a ku Rumphi omwe afika patali nawonso adadutsa pakhomo lopapatiza lomweli, kungoti iwo udali mpira wa miyendo.

Tabitha Chawinga adabadwa pa 22 Meyi 1996 m'boma la Rumphi, ndipo mng'ono wake Temwa adabadwa pa 20 Sepitembala 1998. Tabitha adayamba ngati mwana aliyense wa kumudzi: chikulunga cha mapepala apulasitiki chomangidwa ndi zingwe, mapazi opanda nsapato, ndi anyamata omwe sankamuchitira chifundo poti ndi mtsikana. Makolo sadakondwere nazo. Tisawaweruze msanga. M'boma lomwe banja lililonse lili ndi wachibale yemwe adatukuka ndi sukulu, mwana wamkazi wothera madzulo pa mpira ankaoneka ngati akutaya chuma chokhacho chomwe chidali chodalirika. Kuwonjezera apo, mpira wa miyendo unkatengedwa ngati wa amuna. Wa atsikana udali wa manja. Tabitha adaumirira, ndipo ali ndi zaka pafupifupi 13 adapita ku Lilongwe kukasewera mu timu ya DD Sunshine.

Pali chinthu chowawa chomwe sitiyenera kuchilumpha, poti mwini wake adachiulula yekha poyera mu 2021. Chifukwa cha mphamvu ndi liwiro lake, anthu ena sankakhulupirira kuti ndi mtsikana, ndipo adakakamizidwa kuvula pamaso pa anthu kuti atsimikize. Koyamba zidamuchitikira ali mwana wa zaka 13, ndipo zidadzabwerezekanso ali ku DD Sunshine. Akuluakulu omwe amayenera kumuteteza ndiwo adalola zimenezi. Ndimadzifunsa kuti ndi atsikana angati aluso omwe, ataona kapena kumva zoterezi, adabwerera kunyumba osapondanso pabwalo. Tabitha adayankhula kuti zisadzachitikirenso mwana wina, ndipo pa zonse zomwe wachitira mpira wa amayi m'Malawi, ichi sichochepa kuposa zigoli zake.

Mu 2014 mwayi udamupeza kudzera mwa mayi wina wa ku America yemwe adasewera naye ku DD Sunshine ndipo pambuyo pake adasamukira ku Sweden. Tabitha adalowa timu yaing'ono ya Krokom/Dvärsätts, kumpoto kozizira kwa dzikolo, nakhala mayi woyamba wa ku Malawi kusewera mpira wa ndalama ku Ulaya. Chaka chimenecho adamwetsa zigoli 39. Chaka chotsatira, ali ku Kvarnsvedens IK ya mumzinda wa Borlänge, adamwetsa 43 n'kukweza timuyo kulowa mu ligi yaikulu. Koma chaka chomwe chimandidabwitsa kwambiri ndi 2017. Timu yake idali yofooka moti idatuluka mu ligi, komabe iye ndiye adaposa osewera onse a m'dzikolo ndi zigoli 26. Wogoletsa amadalira anzake kuti amupatse mpira. Kutsogola pa zigoli uli m'timu yogonjagonja ndiye kuti mipira yambiri unkadzipezera wekha. Umo ndi momwe amasewerera mwana wokulira pakati pa anyamata omwe sapatsira.

Kuchoka apo adapita ku China mu 2018, ku Jiangsu Suning, komwe adatenga ligi mu 2019, kenako ku Wuhan. Mu 2022 adabwerera ku Ulaya, ku Inter Milan, n'kutsogola pa zigoli mu ligi ya Italy ndi 23. Chaka chotsatira ali ku Paris Saint-Germain adatsogolanso mu ligi ya France ndi 19, ndipo osewera anzake adamusankha kukhala katswiri wa chaka. Mu 2024 adalowa Lyon, timu yomwe yatenga chikho cha amayi cha ku Ulaya kambiri kuposa ina iliyonse, ndipo chaka chomwecho dzina lake lidalowa pamndandanda wa osewera 30 opikisana pa Ballon d'Or. Sweden, China, Italy, France: maiko anayi, ziyankhulo zinayi, ndipo konseko adakhalapo nambala wani pa zigoli.

Temwa adaponda m'mapazi a mkulu wake. Adasewerako mu timu ya Blantyre Zero, nalowa Kvarnsveden mu 2017, kenako Wuhan mu 2020. Mu 2023 adamwetsa zigoli 63 pophatikiza za timu yake ndi za dziko, zomwe palibe wosewera wina aliyense pa dziko lapansi, wamwamuna kapena wamkazi, adazifika chaka chimenecho. Mu Okutobala chaka chomwecho adatsogolera Scorchers, timu ya amayi ya dziko lino, kutenga chikho cha COSAFA koyamba, atagonjetsa Zambia 2 kwa 1 mu ndime yotsiriza ku South Africa. Iye yekha adamwetsa zigoli 9 mumpikisanowo. Atafika ku Kansas City Current mu 2024, ena ankati zigoli za ku China n'zosavuta, ku America akaona polekera. Adamwetsa 20, kuposa 18 zomwe Sam Kerr wa ku Australia adafika mu 2019, adagoletsa timu iliyonse ya mu ligiyo, ndipo adasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse. Amene adamuonapo akuthamanga amadziwa kuti chinsinsi chake sichobisika: amaponya mpira kutsogolo, otchinga kumbuyo n'kutsala akuyang'ana nambala ya kumsana kwake.

Kumbali ya amuna, boma limeneli limanyadira Frank Gabadinho Mhango, wobadwa mu 1992, yemwe kwawo ndi ku Chiweta, m'munsi mwa zitunda zomwe msewu wa M1 umatsetserekera kunyanja. Iyeyu adatchukira ku Blantyre, mu timu ya Big Bullets, asanapite ku Bloemfontein Celtic mu 2013. Adatenga ligi ya South Africa ndi Bidvest Wits mu 2017, ndipo mu 2020, ali ku Orlando Pirates, adafanana ndi Peter Shalulile wa ku Namibia pa zigoli 16, zomwe zidali zambiri kuposa za wina aliyense. Amalawi sadzaiwala Januwale wa 2022 ku Cameroon. Zigoli zake ziwiri zidagwetsa Zimbabwe 2 kwa 1 ku Bafoussam, Flames n'kulowa mu ndime ya chipulula ya AFCON koyamba m'mbiri yake. Kenako ku Yaoundé, patangotha mphindi 7, adaona goloboyi wa Morocco, Yassine Bounou, atasuntha pang'ono pamzere, ndipo adaumenya ali kutalitali mpira n'kukagwera mu ukonde. Tidagonja 2 kwa 1, koma chigoli chimenecho chidaonetsedwa pa makanema a dziko lonse.

Mukaika nkhani zitatuzi pamodzi, chinthu chimodzi chimaonekera: palibe mwa iwo yemwe adatchukira kwawo. Rumphi yakhala ngati nazale ya fodya m'mbali mwa mtsinje wa Rukuru, pomwe mbande zimamera bwino koma zimakakulira m'munda wina. Kwa mbande ndi momwe ziyenera kukhalira. Kwa ana, ambiri amafota asanawokeredwe. Kuchoka ku Rumphi boma kufika ku Mzuzu ndi ulendo wa ola limodzi kapena kuposerapo pa galimoto, ndipo kwa mwana wa ku Hewe, ku Mlowe kapena ku Tcharo, komwe ena amafikako pa boti, Mzuzu yemweyo ndi kutali. Woyang'ana osewera wa timu yaikulu safika kumeneko. Timu ya Rumphi United italowa mu Super League mu 2022, anthu adaona kuti mwina khomo latseguka pafupi, koma idatuluka chaka chomwecho. Kuyendetsa timu kuchokera kumpoto kukasewera ku Blantyre ndi ku Mulanje kumadya ndalama zomwe matimu opanda kampani kumbuyo kwawo sangazipirire.

M'sukulu namonso zinthu zidasintha. Maphunziro aulere a pulayimale atayamba mu 1994, chiwerengero cha ana chidakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Lidali dalitso lalikulu, koma mphunzitsi wosamalira ana 100 m'kalasi imodzi satsala ndi mphamvu zoimba wezulo madzulo. Pambuyo pake phunziro la masewera olimbitsa thupi ku pulayimale lidaphatikizidwa ndi kuimba, kujambula ndi kusoka m'phunziro limodzi la Expressive Arts, ndipo zambiri mwana amangozilemba m'kope. Ku sekondale mtima wa aliyense uli pa mapointi a MSCE. Sukulu za m'bomali, monga Livingstonia, Rumphi Secondary ndi Phwezi yomwe idayamba m'zaka za m'ma 1980, zimadziwika ndi mayeso, ndipo palibe kholo lomwe lingadandaule nazo. Bungwe la masewera a m'sukulu la MASSA lilipo, mipikisano ya m'mazoni imachitika, koma kawirikawiri zimadalira mphunzitsi mmodzi wokonda masewera yemwe amapopa mpira ndi pampu ya njinga yake. Akasamutsidwa, timu imatha.

Basiketibolo ya m'dziko muno ikuyendetsedwa ndi bungwe la BASMAL, ndipo ili ndi maligi m'zigawo zonse zitatu. Ya kumpoto mtima wake uli ku Mzuzu. Chitsanzo chomwe chimandipatsa chiyembekezo ndi cha Bravehearts ya ku Lilongwe, yomwe idayambitsidwa ndi Griffin Kalua. Timuyi imatola ana aluso n'kuwapezera malo ndi fizi m'sukulu, ndipo yafika popikisana nawo m'masewera odzigulira malo mu Basketball Africa League, ligi yomwe idayamba mu 2021 ku Kigali. Njira imeneyi ikuyankha ndendende nkhawa yomwe makolo a Tabitha adali nayo, chifukwa mwana sasankha pakati pa buku ndi mpira. Mpirawo ndiwo ukumulipirira buku. Ngati pali boma lomwe makolo angamvetse msanga malonda oterewa, ndi Rumphi. Pa Khondowe pomwe paja pali University of Livingstonia, yomwe idatsegulidwa mu 2003, ndipo imaphunzitsa aphunzitsi a sekondale. Mphunzitsi wotuluka pamenepo akudziwa kuphunzitsa mwana kugunditsa mpira ndi dzanja lamanzere angasinthe sukulu yonse yomwe watumizidwako.

Mu Disembala 2022 dziko la Malawi lidalandira masewera a achinyamata a Region 5 ku Lilongwe, ndipo boma lidamanga holo yamasewera yotchedwa dzina la Griffin Saenda, mphunzitsi wakale wa Queens. Holoyo ndi yofunika, koma mtsikana wa ku Katowo sadzaiona pokhapokha wina atamuona kaye iyeyo pabwalo la sukulu yake, n'kulemba dzina lake penapake pomwe mphunzitsi wobwera pambuyo adzalipeze. Ophunzira akale a sukulu za ku Rumphi, omwe ali m'maofesi a ku Lilongwe ndi ku Blantyre, amasonkha ndalama zopentera makalasi ndi kugula mabuku. Matumba a simenti a bwalo limodzi ndi kabuku kolembamo mayina a timu ya chaka chilichonse sizingawakanike.

Pakadali pano ana a Chawinga akupitiriza. Temwa adatsogolanso pa zigoli mu ligi ya ku America mu 2025, ndipo adasankhidwanso kukhala wosewera wopambana onse kachiwiri motsatizana. Mu Okutobala chaka chomwecho Scorchers, timu yomwe kaputeni wake ndi Tabitha, idagonjetsa Angola 2 kwa 0 pa bwalo la Bingu ku Lilongwe n'kudzigulira malo, koyamba m'mbiri ya dziko lino, mumpikisano wa amayi wa maiko a mu Africa.